Phale Loyera Pansi pa Ng'anjo

Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale kunali ofesi imodzi imene ngakhale wosesa ankalowamo monyang'ama. Munali madesiki awiri, ndipo pakati pake anaimikapo kabati yachitsulo yaitali kuti okhala pamadesikiwo asamaonane nkhope. Chakuzenera kunkakhala Pulofesa. Chakukhomo, kumene mphepo ndi fumbi zinkafikira, kunkakhala mayi wina amene aliyense ankamutchula kuti Mfuko. Onse awiri anali akatswiri ofukula zakale. Anakhalapo pabanja zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo panali patatha zaka khumi ndi chimodzi chilekanirane. Ofesi ina kunalibe, komanso panalibe amene ankafuna kusiya ntchito kuti mnzake azinena kuti wathawa. Zokambirana zawo zinkayenda pa timapepala toikidwa pamwamba pa kabati. Wina ankalemba, "Bokosi 17 mwaliika pati?" Winayo n'kuyankha kunsi kwake, "Pamene munalisiya."

Dzina loti Mfuko analitenga chifukwa chokonda dzenje. Bambo ake anali wokumba zitsime, ndipo poti analibe mwana wamwamuna, mtsikanayu ndi amene ankaima pamwamba n'kumakoka ndowa. Ndowa ikatuluka, bambowo ankafuula ali pansi, "Ndi lotani limenelo?" Iye ankafinya dothilo m'manja n'kuyankha kuti lofiira, lamchenga kapena lamakande. Akalakwa ankalandira mwano wochokera pansi pa nthaka. Kwa bambo akewo ndi kumene anaphunzira chinthu chimene pambuyo pake anakachipezanso m'mabuku chitalembedwa ndi mawu ovuta: dothi limagona mosanjikizana, lapansi ndilo linayamba, ndipo chimene wachipeza kunsi kwa mwala chinafikapo mwalawo usanaikidwe.

Ku nyumba ya zakale analowa ngati wotsuka mapale. Zaka zitatu anakhala kuseri pampopi, ali ndi beseni ndi mswachi wakutha, kutsuka zidutswa za miphika zimene ena anafukula, kuziyanika pasefa, n'kuzilemba manambala ndi inki yakuda. Tsiku lina anabweza bokosi lathunthu kwa mwini wake, nati mapale a m'menemo ndi a maenje awiri osiyana, wina wawasakaniza. Mwini bokosilo anali mwamuna wa tayi, wongochoka kumene kusukulu yaukachenjede, wolankhula ngati wayilesi. Anakwiya, anakayang'ana m'kope lake, napeza kuti wotsuka mapale uja akunena zoona. Chaka chotsatira anamutenga kokafukula, kenako anamulimbikitsa kubwerera kusukulu, kenako anamukwatira. Anthu ankati Mfuko watola chikwama. Nthawi imeneyo mwamunayo sanali Pulofesa ayi. Upulofesawo unadzabwera ndi ng'anjo.

Ng'anjoyo anaipeza paphiri lina, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera mumzinda. Inali yosungunuliramo chitsulo, youmbidwa ndi dothi, yolekeza m'chiuno, itakwiririka ndi nthaka yokokoloka. Chaka choyamba anatola makala m'dzenje limene linali pambali pake n'kuwatumiza kunja kuti akayezedwe. Yankho linabwera patapita miyezi isanu: zaka zikwi ziwiri. Nyuzipepala zinalemba, wayilesi inalengeza, ndipo mwamunayo anagula tayi ina.

Chaka chachiwiri anabwerera kuphiriko kukazula ng'anjoyo kuti apite nayo mumzinda. Mwana wawo wamkazi, wa zaka ziwiri, anamusiya kwa azakhali ake. Makoma a ng'anjo atanyamulidwa, panatsala pansi pake, dothi lopsa ndi moto mpaka kuuma ngati njerwa. Mfuko anadula pansipo pakati. Theka lina analisiya, monga umanenera mwambo wa ntchito yawo, kuti obwera m'mbuyo adzapeze poyambira. Theka linalo anayamba kulitukula pang'onopang'ono ndi kampeni. Kunsi kwa dothi lopsalo china chake chinaoneka kuti mbee. Linali phale la mbale yoyera ya kufakitale, yojambulidwa maluwa abuluu, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Mbale zoterozo ankazidziwa bwino. Zinayamba kufika ndi amalonda zaka zana limodzi ndi theka zapitazo.

"Bambo a mwana, tabwerani mudzaone kuno," anaitana.

Mwamunayo anabwera, anagwada, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Zabwera ndi mbewa izi," anatero.

"Mbewa yake inadzera pati? Dothili ndi logwirana, una palibe. Makala aja ndi a moto wina wakale. Ng'anjoyi anadzaimanga pambuyo."

"Wayeza ndi makina ndiwe? Kapena unawayeza ndi mswachi uja?"

"Makina anayeza zimene munawapatsa."

Mwamunayo anacheuka kuona ngati okumba anzawo ali pafupi. Anatola phalelo, naliponya m'thumba la malaya, namanga batani.

"Dziko lonse lamva kale. Ukufuna ndikaime pamaso pa anthu ndinene kuti ndinaphonya? Taganiza za mwana."

Masana omwewo Mfuko anakhala pansi pa mtengo n'kujambula phalelo m'kope lake, maluwa ake onse, kuya kwake, ndi mawu amene mwamuna wake ananena. Koma lipoti la ng'anjo litalembedwa, lopanda phale m'kati mwake, analiwerenga mpaka kumapeto, nasaina kunsi kwa dzina la mwamuna wake. Palibe anamugwira dzanja.

Ng'anjo inamukweza mwamunayo ngati utsi. Ankakwera ndege kukalankhula kumisonkhano, pamene Mfuko ankatsala m'chipinda chosungiramo katundu, kulongedza mafupa ndi mikanda m'mabokosi, kuthamangitsa chiswe, ndi kutuluka nyengo ya dzuwa kukafukula timalo tating'onoting'ono topanda atolankhani. Pulofesa ankabwerako ndi masuti atsopano ndi mawu atsopano, ndipo ulendo wina anabwerako ndi mkazi watsopano. Ngakhale pa mlandu wothetsa banja, pamene awiriwa anavulana mpaka kusiyana opanda kanthu, Mfuko sanatchule za phale. Ankadziuza kuti akusunga ulemu wa bambo a mwana wake. Koma ankadziwanso kuti akusunga siginecha yake.

Zinthu zinasintha kutabwera bwana watsopano, munthu amene kale ankayendetsa mahotela ndipo ankaona nyumba ya zakale ngati hotela yopanda mabedi. Anamangitsa holo yaikulu ya magalasi, nalamula kuti ng'anjo idzaime pakati penipeni. Analamulanso kuti makope onse a ofukula ajambulidwe n'kuikidwa pakompyuta, kuti aliyense wofuna aziwerenga mmene ntchito yotchukayo inayendera.

Lolemba m'mawa Mfuko anamva mpando ukukhuluzika kuseri kwa kabati, kenako nsapato. Nsapatozo sizinalunjike kukhomo ngati masiku onse. Zinaima pa desiki yake. Atakweza mutu anaona kuti munthuyo wakalamba. Tsitsi lake lopaka mankhwala akuda linali loyera kumizu.

"Mwadzuka bwanji, mayi a mwana?"

"Kwagwanji, Apulofesa? Timapepala tatha?"

"Kope lanu la kuphiri lija. Ndikufuna ndilione lisanapite kwa bwana."

"Zimene zilimo mukuzidziwa."

"N'chifukwa chake ndabwera. Tsamba limodzi lokha. Makope akale amathothoka masamba, palibe angadabwe."

"Langa silithothoka. Ndinalisoka ndekha ndi ulusi wa nsapato."

Pulofesa anatsamira desiki ndi manja onse awiri, natsitsa mawu.

"Musaiwale kuti siginecha yanu ili kunsi kwa yanga. Denga likamagwa silisankha mutu."

"Zaka makumi awiri ndi zinayi ndakhala ndikuliyang'ana denga limenelo. Khosi latopa."

"Ndinakutolani pampopi, inu. Mukanakhala kuti popanda ine?"

"Munanditola chifukwa munasakaniza mapale. Simunasiyebe."

Kunena zoona, mpaka m'mawa umenewo Mfuko anali asanaganize chochita. Mumtima ankati mwina angonena kuti kope linadyedwa ndi chiswe. Koma mawu a pampopi aja anamulowa ngati munga wa kuphazi, ndipo Pulofesa atamenyetsa chitseko, iye anatulutsa kopelo m'dilowa n'kuliika m'chikwama chake.

Sabata isanathe analandira kalata. Bwana anali atamusamutsira ku gawo lolandira ana asukulu, ati pofuna kugwiritsa bwino ntchito luso lake. Makiyi a chipinda chosungiramo katundu, amene anawasunga zaka makumi awiri, anauzidwa kuti awasiye kwa mlonda. Kope lake, kalatayo inatero, silifunikanso, poti zolemba zake n'zovuta kuwerenga.

Gawo la ana asukulu linali benchi imodzi pafupi ndi khomo lalikulu, moyang'anizana ndi kawindo kogulitsira matikiti. M'kawindomo munkakhala mchemwali wake wa Pulofesa, azakhali aja analera mwana nthawi ya kuphiri, mayi wa pakamwa pakuthwa ngati lumo.

"Alamu, mwatuluka kuuna?" anatero tsiku loyamba. "Samalani, dzuwa lingakutoboleni m'maso."

"Ulamu unatha kale, mayi. Inu zing'ambani matikiti."

"Kutha kumene. Koma ena ukwati ukatha amasamuka. Ena amakakamira ngati nkhupakupa."

Zimenezo Mfuko akanazipirira. Chimene chinamukanika ndi ntchito yeniyeniyo. Kanayi patsiku ankatsogolera ana ovala mayunifolomu kukaima kutsogolo kwa ng'anjo, n'kuwawerengera zolembedwa pachikwangwani. Aphunzitsi awo ankafunsa, "Ana inu, ng'anjoyi ili ndi zaka zingati?" Anawo ankayankha onse pamodzi mpaka magalasi kunjenjemera, "Zikwi ziwiri!" Ankalemba m'makope mwawo, poti funsolo limabwera pamayeso. Zaka zonsezi Mfuko ankanama ndi kukhala chete. Tsopano anayamba kunama ndi pakamwa, ndipo pakamwapo pankawawa ngati wamwa mankhwala a malungo. Atatha masabata atatu anakagogoda kwa bwana.

Bwanayo anamvetsera akuzunguza cholembera, osamupatsa mpando.

"Mayi, zikwangwani zasindikizidwa, alendo aitanidwa. Inu mukubwera ndi chithunzi chojambula pamanja m'kope limene limagona kunyumba kwanu. Ndingadziwe bwanji kuti simunajambule dzulo? Pulofesa anandichenjeza kale kuti muli ndi mangawa."

"Mangawa ndili nawo, bwana. Phalenso linalipo."

"Nkhani za m'banja muzikathera kunyumba. Tsekani chitseko potuluka."

Lamlungu masana kunabwera mwana wake, amene tsopano anali namwino pachipatala chachikulu. Anafika ali mu yunifolomu, anakana mpando, naima pakhomo la khitchini manja atapinda.

"Amayi, adadi akuti mukufuna kuwawononga."

"Ndikufuna kukonza nambala imodzi pachikwangwani."

"Magazi awo akuthamanga. Ndimawayeza ndine, ndikudziwa."

"Ukawayeza n'kupeza kuti akwera, umalemba kuti ali bwino poopa kuwakhumudwitsa?"

"Musandiphunzitse ntchito yanga. Kambale kosweka, amayi! Eni ng'anjo anafa kalekale, sakudandaula. Mukananena nthawi yomwe ija bwenzi ndikukumverani. Lero mukunena chifukwa anakusiyani. Ndakula ndikunyamula mauthenga pakati pa nyumba ziwiri ngati wapositi. Ndatopa."

Mfuko anapitiriza kupukuta mbale imene inali youma kale. Mawuwo anamupweteka chifukwa theka lake linali loona, ndipo iye sankadziwa podulira kuti alekanitse theka loonalo ndi linalo.

"Mwanawe," anatero, "ndinakhala chete chifukwa cha iwe."

"Musandisenzetse zimenezo. Ndinali ndi zaka ziwiri."

Namwinoyo anatuluka osatsanzika.

Mfuko anazindikira kuti kope silimuthandiza. Aliyense adzati ndi nsanje ya mkazi wosiyidwa. Chimene chinatsala ndi theka lija la pansi pa ng'anjo, limene linali likadali kuphiri. Anapempha tchuthi cha sabata imodzi, napita kusukulu yaukachenjede kukafuna mboni. Sanasankhe mdani wa Pulofesa, ngakhale adaniwo analipo ambiri. Anagogoda kwa mnzake weniweni wa Pulofesayo, mphunzitsi wa za miyala, bambo wonenepa amene anaimira Pulofesa pa ukwati wachiwiri uja.

"Mukapeza palibe, mudzaima pamaso pa anthu n'kupepesa?" anafunsa wa miyalayo.

"Ndidzapepesa, ndipo ntchito ndidzasiya."

"Ndiye tiyeni. Ndikufuna ndidzaone tsiku limenelo."

Phirilo linali litasintha. Mitengo inatha, ndipo m'munsi monse munali minda. Anayenda theka la tsiku akufunafuna, mpaka Mfuko anapunthwa pa chikhomo chachitsulo chimene anakhoma yekha zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo. Anachotsa dothi limene anakwirira nalo, ndipo pansi pa ng'anjo panaonekera, theka lake, lofiira ngati tsiku lija. Anamanga zingwe, anayeza, anajambula zithunzi, nayamba kutukula.

Tsiku loyamba sanapeze kanthu. Tsiku lachiwiri anapeza phulusa ndi timiyala. Wa miyala uja ankakhala pampando wopinda, atadzifunditsa thaulo kumutu, n'kumafunsa ola lililonse, "Zaoneka mbale zanu, mayi? Ndikufuna kudya." Mfuko ankapitiriza kukumba, akudzifunsa mumtima. Nanga bwanji ngati phale linali limodzi lokha? Nanga bwanji ngati analakwitsa kuona, una unalipodi, ndipo wakhala akudana ndi munthu zaka zonsezi chifukwa cha mbewa? Ankasefa dothi lililonse kawiri, zala zitachita matuza.

Tsiku lachitatu chakumasana bondo lake linakana kupindika. Panali patatsala kachigawo kokula ngati thileyi. Anaimirira movutikira, napereka kampeni kwa mboniyo.

"Malizani ndinu. Mungadzati ndinaikamo ndekha."

Bamboyo anagwada akudandaula za thalauza lake. Anagogoda dothi lopsalo, analiyang'ana m'mbali monse kufuna una, nanena yekha kuti ndi logwirana. Analowetsa kampeni, natukula. Kunsi kwake kunali mapale awiri oyera, limodzi lokhala ndi tsamba labuluu, linalo ndi mkombero wa mbale. Anakhala pansi padothi, thaulo litagwa.

"Mayi," anatero, "mwandiika pamoto."

Mfuko anayembekezera kumva chimwemwe koma sichinabwere. Anangomva bondo.

Patapita mwezi kunali msonkhano wa pachaka wa akatswiri a zakale, ndipo bwana anaukonzera m'holo yatsopano ija kuti adzionetsere. Mipando inazungulira ng'anjo. Mfuko anapatsidwa mphindi khumi chakumapeto, pa mutu wa kasungidwe ka mikanda. Ataima, anaika pepala la mikandalo pambali, naonetsa zithunzi za kuphiri chimodzichimodzi, akulankhula ndi mawu ouma ngati akuwerenga mndandanda wa mabokosi. Asanamalize, Pulofesa anali ataima kale.

"Wapampando, tikumvera chiyani apa? Mayi awa ndinawapeza akutsuka mapale. Bambo awo ankakumba zitsime, ndipo zikuoneka kuti mwana wawo akukumbabe, koma tsopano akukumbira anthu manda. Aliyense muno akudziwa chimene chikuwawawa. Si sayansi iyi, ndi chikwati chakutha!"

Ena anaseka. Ena anayang'ana pansi.

"Zoona, ndinkatsuka mapale," anatero Mfuko. "Zoonanso kuti bambo awa ndimadana nawo, ndipo sindibisa. Chachitatu n'chakuti phale loyamba ndinaliona ndi maso angawa, ndipo lipoti labodza ndinasaina ndi dzanja langali. Wondiweruza ayambire pamenepo. Koma mapale awa sindinatukule ndine."

Maso onse anatembenukira kwa wa miyala uja. Anaimirira pang'onopang'ono ngati akunyamula thumba la simenti, osayang'ana kumene kunali mnzake.

"Ndinatukula ndine," anatero. "Una panalibe. Achimwene, pepani. Ndinapita kuti ndikawachititse manyazi mayiwa."

Pulofesa anatola chikwama chake natuluka. Pakhomo chikwamacho chinakola chitseko, mapepala n'kumwazika, ndipo palibe anadzuka kukamutolera.

Amene ankaganiza kuti Mfuko aombedwa m'manja sankawadziwa anthu. Komiti yofufuza inakhala miyezi itatu. Pulofesa analoledwa kupuma ntchito, ati chifukwa cha thanzi. Mfuko analandira makalata awiri a chenjezo, ina chifukwa chosaina lipoti labodza, ina chifukwa chofukula popanda chilolezo cha bwana. Udindo wotsogolera gawo, umene unali wake mwa zaka ndi mwa luso, unapatsidwa kwa munthu wochokera kwina. Mwambo wotsegulira holo unachitika mwakachetechete, mlendo wolemekezeka atatumiza uthenga woti watanganidwa. Anzake a pantchito anasiya kumupatsa moni. Iwo ankati ng'anjo ya zaka zikwi ziwiri inkabweretsa alendo ndi maulendo, pamene ya zaka zana limodzi ndi theka ndi chitofu chabe. Akalowa m'chipinda chomwera tiyi nkhani zinkaduka, masipuni okha n'kumalira. Mlamu wake uja ankatseka kawindo akamuona akubwera, ndipo tsiku lina analavula pansi iye akudutsa.

Makiyi anamubwezera, poti panalibe wina wodziwa kumene kunali zinthu. Anabwerera m'chipinda chake cha mabokosi nalemba kabuku kofotokoza ng'anjoyo monga inalili: anthu amene ankasungunulabe chitsulo chawo pa nthawi imene makasu a kufakitale anali atafika kale pamsika. Kwa iye nkhani imeneyi inali yokoma kuposa yabodza ija. Anawerenga kabukuko ndi anthu ochepa.

Patatha miyezi isanu ndi itatu Pulofesa anagwa m'bafa, nafa ziwalo mbali ya kumanja. Mfuko anamva kwa mlonda. Anaimbira foni mwana wake kasanu, osayankhidwa. Chaka chinatha, ndi miyezi ina pamwamba.

Ndiye Loweruka lina m'mawa, akuchapa, anaona namwino uja ataima pageti. Anali ataonda.

"Sindinabwere kudzakukhululukirani," anatero mwanayo.

"Sindinapemphe."

"Kunyumba kwa adadi kuli makatoni khumi ndi awiri a mapepala. Malo atatu amene anafukula kale, osalemba malipoti. Amayi aang'ono akuti makatoniwo akuitana mphemvu, awatentha mwezi ukatha. Adadi akamva zimenezo amalira. Ndapita nawo kusukulu yaukachenjede, palibe amene akutha kuwerenga zolemba zawo."

"Akudziwa kuti wabwera kuno?"

"Ndinawauza. Anagenda kapu."

Mfuko anafinya chovala chimene chinali m'manja, nachiyanika, napukuta manja.

Loweruka lotsatira anakwera basi kupita ku nyumba imene anali asanapondeko. Mkazi wa Pulofesa anamutsegulira, namulozera khonde la kuseri. Pulofesa anali pampando wa matayala, bulangete pamiyendo, tsitsi lonse litayera poti panalibenso wolipaka. Pakamwa panali patapotoka, ndipo mawu ankatuluka amodzi kapena awiri, ovuta kumva. M'dzanja lamanzere anali ndi ndodo. Atamuona anamenya ndodoyo pansi katatu.

"Inenso sindinakusoweni," anatero Mfuko, nakoka katoni yoyamba.

Anagwira ntchitoyo zaka ziwiri, Loweruka lililonse. Ankawerenga mokweza zimene zinali m'makope, n'kunena mmene akuzimvera. Akalondola, Pulofesa ankayang'ana kumbali. Akaphonya, ndodo inkalira pasimenti mpaka galu wa nyumba yoyandikana kuuwa. Nthawi zina wophonya ankakhala mwini ndodoyo, ndipo Mfuko ankamuika mapu pamphuno n'kumuonetsa ndi chala, osamunyengerera ngati wodwala. Mkazi wa nyumbayo ankabweretsa tiyi kapu imodzi yokha, choncho Mfuko ankabwera ndi fulasiki yake. Namwino akakhalapo ankakhala patali, akuyang'anira ngati wapolisi.

Chimene chinamukwiyitsa kwambiri Mfuko n'chakuti ntchito ya m'makatoniwo inali yabwino. Asanapeze ng'anjo, munthuyu ankayeza mosamala, ankajambula mwala uliwonse, ndipo pena ankalemba m'mphepete mwa tsamba kuti, "Apa sindikudziwa." Tsiku limene anawerenga mawu amenewo koyamba anatseka kope, namuyang'ana.

"Munali katswiri, inu. Chitsiru."

Pulofesa anamuyang'ananso, diso limodzi likutuluka misozi monga linkachitira nthawi zonse chidwalireni. Ndodo sinalire.

Malipoti atatu aja anatuluka limodzilimodzi. Lachitatu litasindikizidwa, Mfuko anapita nalo yekha n'kumuikira pamiyendo. Pulofesa anatsegula ndi dzanja lamanzere, tsamba ndi tsamba, akupuma mwaphokoso, osadumpha ngakhale mzere. Mfuko anakhala akumwa tiyi wake, akuyang'ana zovala za pachingwe. Patapita pafupifupi ola ndodo inalira, mwamphamvu kuposa masiku onse. Chala cha Pulofesa chinali pa tsamba la makumi anayi ndi limodzi, ndipo nkhope yopotokayo inali ikuwala ndi chimwemwe.

Mfuko anavala magalasi, nawerama. Mapu a dzenje lachiwiri anali atasindikizidwa chadodolido, kumpoto kutaloza kumwera. Anayang'ana kawiri, kufuna njira yoti akankhire osindikiza, koma anakumbukira kuti tsambalo analiona yekha asanalitumize.

"Cholakwa ndi changa," anatero. "Ndiwalembera kalata Lolemba."

Pulofesa anatulutsa kaphokoso kena kukhosi, kamene mwina kanali kuseka. Mfuko anatseka fulasiki, anaika magalasi m'chikwama, nauza namwino, amene analipo tsikulo, kuti mapilo a bambo ake akufunika kuyanika padzuwa. Mkazi wa nyumbayo anamutsatira mpaka kugeti n'kukhoma loko iye asanafike n'komwe pamsewu. Basi inachedwa, ndipo anaidikira ataima, poti bondo lija silinkalola benchi yaifupi ya pasiteji.